Katemera wa Covid-19 ku Malawi: zimene zinachititsa anthu ambiri kuzengereza

Pa 5 Malichi 2021 ndege inatera pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe itanyamula madozi 360,000 a katemera wa AstraZeneca, wopangidwa ku India ndi kampani ya Serum Institute, amene anabwera kudzera mu COVAX, ndondomeko ya dziko lonse lapansi yothandiza mayiko osauka kupeza katemera. Pa 11 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera anabayitsa ku Zomba, wachiwiri wake Saulos Chilima n'kubayitsa ku Mzuzu. Tsiku lomwelo dziko la Denmark linayamba layimitsa katemera yemweyo pofuna kufufuza nkhani ya kuundana kwa magazi, ndipo sabata isanathe Germany, France ndi Italy anachitanso chimodzimodzi. Munthu wa ku Ntchisi wokhala ndi kawailesi kake anamva nkhani ziwirizi pafupifupi nthawi imodzi: kuno akuti bwerani mudzabayitse, kwa azungu akuti tayamba tasiya.

Ambiri pofotokoza chifukwa chimene katemerayu anayendera pang'onopang'ono amathamangira kunena za umbuli ndi mphekesera. Mphekeserazo zinalipo, ndipo zina zinaphetsa anthu amene akanapulumuka. Koma dziko lomweli amayi amayenda mtunda wautali mwana ali kumsana kupita naye kusikelo kukalandira katemera wa chikuku, kafumbata ndi chifuwa chokoka mtima, ndipo mu Epulo 2019 Malawi ndi amene anayamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mayiko ena onse asanayambe. Anthu oterewa sadana ndi jakisoni. Kukayika kwawo kunachokera kwambiri ku mmene katemera wa Covid anabwerera, mmene anathera pakati panjira, ndi zimene anthu sanauzidwe pa nthawi yake.

Katemera anapeza mitima ili kale ndi mabala

Matendawa anapezeka koyamba m'dziko muno pa 2 Epulo 2020, koma anthu ambiri anayamba kuwaopa mu Januwale 2021, pamene nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, pa 12, ndipo zipatala zinasowa mpweya wa okosijeni. Imfa za nthawi imeneyo zinali zachilendo. Wodwala akalowa m'chipinda cha odwala Covid, achibale sankamuonanso. Akamwalira, mtembo unkabwera wokulungidwa, osasambitsidwa ndi abale, osaonedwa nkhope, n'kuikidwa mofulumira ndi anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kwa ife maliro osaona nkhope amasiya funso losayankhidwa, ndipo m'pamene panamera mawu akuti kuchipatala akubaya anthu jakisoni wakupha. M'madera ena anthu a zaumoyo anathamangitsidwa ndi miyala atabweretsa maliro. Patangopita milungu yochepa, anthu omwewo a zaumoyo ndi amene anabwera ndi jakisoni weniweni.

Nthawi yomweyo kunaphulika nkhani ya K6.2 biliyoni yolimbana ndi Covid, imene ofufuza anapeza kuti ina inathera m'ma alawansi ndi kugula zinthu mosatsata malamulo, mpaka nduna ya zantchito Ken Kandodo inachotsedwa mu Epulo 2021. Kuchokera pamenepo mawu akuti "Covid ndi bizinesi" anakhala ovuta kuwatsutsa, chifukwa mbali ina anali ndi umboni. Onjezani pamenepo kanema wa mu Epulo 2020 wa madokotala awiri a ku France akukambirana pa wailesi yakanema zoyesera katemera ku Africa, mawu a Pulezidenti John Magufuli wa ku Tanzania mu Januwale 2021 ochenjeza anthu ake za katemera wa kunja, ndi mantha akale a anamapopa amene mu 2017 anaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana nawo. Nkhani ya mlendo wofuna magazi kapena thupi la munthu wakuda inalipo kale; katemera anangoivala.

Kabotolo ka anthu 10

Zambiri zimene anthu anakumana nazo pa tsiku lobayitsa zimamveka munthu akakaona kabotolo kenikeniko. Ka AstraZeneca kamene kanabwera kuno kanali ndi madozi 10, aliyense mamililita 0.5, obayidwa m'mnofu wa pamwamba pa mkono. Kankasungidwa pa kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, m'furiji yomwe imasunga katemera wa ana, ndipo sikankafunika kuuma ngati ayisi, chifukwa kakatero mankhwala aonongeka. Singano ikangolowa koyamba, madozi otsalawo amayenera kutha pasanathe maola 6. Akapitirira, n'kutaya.

Ndiye taganizirani mlangizi wa zaumoyo pa chipatala chaching'ono. Yakwana 9 koloko m'mawa, pabenchi pali anthu atatu. Akatsegula kabotolo, madozi 7 akhoza kutayika, ndipo kuboma adzafunsidwa kuti katemera wosowayu anamutayiranji. Akapanda kutsegula, ayenera kuwauza atatuwo kuti dikirani mukwane 10, kapena bwerani Lachinayi. Ambiri ankasankha kudikiritsa, ndipo simungawadzudzule kwambiri, poti katemera analidi wochepa. Koma gogo amene walipira kabaza kupita ndi kubwerera, kapena bambo amene wasiya ganyu ya tsiku limenelo, akabwezedwa kamodzi sabweranso. M'kaundula sawoneka paliponse, ndipo pamapeto pake amawerengedwa pamodzi ndi okana. Kutaya madozi angapo kumawawa, koma kubweza munthu amene wadzibweretsa yekha kumataya zambiri, chifukwa akafika kumudzi amauza anzake kuti musavutike, kulibe kanthu.

Popita kumidzi, timabotolo timaikidwa m'kabokosi kozizira kokhala ndi zigubu zinayi za madzi oundana m'mbali. Zigubuzo sizilowetsedwa zitangochoka mufiriza. Zimayamba zaikidwa panja mpaka ayisi ayambe kusungunuka, moti ukazigwedeza uzimva madzi akuchita khuchukhuchu mkati. Wofulumira akadumpha zimenezi, kabotolo kogundana ndi chigubu kamaundana, ndipo ndi maso sungazindikire. Katemera wa ana ambiri amakhala ndi kachizindikiro papepala lake kosintha mtundu kakatenthedwa, koma katemera wa Covid woyambirira analibe, choncho chodalira chinali kulemba kuzizira kwa furiji kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo. Kumene magetsi amazimazima ndipo furiji ya sola kulibe, imeneyi inali ntchito yosagonetsa tulo.

Mitundu ina inali ndi malamulo akeake. Johnson & Johnson anali ndi madozi 5 m'kabotolo ndipo munthu ankabayitsa kamodzi, n'chifukwa chake anayenda bwino kumidzi. Pfizer, amene pambuyo pake anaperekedwa kwa ana a zaka 12 mpaka 17, ankasungidwa nthawi yaitali pa kuzizira kwa pafupifupi madigiri 70 pansi pa ziro, m'mafiriza apadera opezeka m'malo ochepa. Akamutulutsa ankatha kukhala m'furiji wamba pafupifupi mwezi umodzi, ndipo asanabaye ankayamba amusakaniza ndi madzi a mchere a kuchipatala kuti atuluke madozi 6 a mamililita 0.3. Wobaya mmodzi ankayenera kusunga malamulo onsewa m'mutu, uku akulemba kadi ya munthu, buku lalikulu ndi fomu yopita kuboma.

Madozi amene anawotchedwa

Pa 26 Malichi 2021 kunafika madozi ena 102,000 kuchokera ku African Union, ndipo tsiku lake lotha ntchito linali 13 Epulo. Anali masiku 18 okha oti katemera achoke ku Lilongwe, afike m'maboma, agawidwe m'zipatala ndi kupeza mikono yoti abaye. Pafupifupi 80 pa 100 alionse anagwiritsidwa ntchito, chomwe chinali chamuna ndithu. Otsala, madozi 19,610, anawotchedwa pa 19 Meyi mu ng'anjo ya pa chipatala cha Kamuzu Central, nduna ya zaumoyo Khumbize Kandodo Chiponda ili pomwepo, atolankhani akujambula.

Akuluakulu ena a zaumoyo a mu Africa anapempha kuti madoziwo asungidwe kaye, poti opanga ankati akhoza kugwirabe ntchito kwa miyezi ingapo. Mawu amenewa sanali opanda maziko. Tsiku lotha ntchito la katemera watsopano limaikidwa potengera nthawi imene opanga amuyesa ali m'furiji, ndipo popeza AstraZeneca anali asanakhalitse, anangopatsidwa miyezi 6. Katemera wopitirira tsiku lake sasanduka poizoni. Chimene chimakayikitsa ndi mphamvu yake. Komabe boma linachita bwino kuwotcha. Nkhani ya katemera wotha ntchito itangomveka, anthu anachepa m'malo obayira, aliyense akuganiza kuti akabayidwa wowola. Kulongosolera mudzi wonse kuti deti yalembedwa pabotolo si yeniyeni kukanawononga katemera wina aliyense, ngakhale wa ana.

Cholakwa chachikulu chinali kumene anachokera. Mphatso yofika itatsala milungu iwiri ndi theka imasiya manyazi kwa wolandira, ndipo kunja nkhani inamveka ngati Amalawi akukana katemera.

Dozi yachiwiri itasowa

Kuphatikiza ndi madozi 50,000 amene boma la India linapereka, Malawi anali atalandira 512,000. COVAX inalonjeza zokwanira anthu 20 pa 100 alionse, pafupifupi 3.8 miliyoni. Koma kumapeto kwa Malichi India, ataona matenda akusefukira kwawo, analetsa kutumiza katemera kunja, ndipo Serum Institute ndiyo inali gwero lalikulu la COVAX. Mayiko olemera anali ataguliratu wambiri wa makampani ena.

Obayitsa AstraZeneca ankauzidwa kubweranso pakatha milungu 12, ndipo deti inkalembedwa pakadi. Kwa oyamba aja, milungu 12 inakwana kuchiyambi kwa Juni. Mwezi womwewo katemera anatha m'dziko muno, ndipo ndi nthawi yomwe mtundu watsopano wa Covid wotchedwa Delta unayamba kugwetsa anthu m'nyengo yozizira. Apa ndiye panaoneka kuti ofuna katemera analipo ambiri: maliro atachuluka, anthu ankazungulira zipatala za ku Blantyre ndi Lilongwe kadi ili m'manja, n'kumabwezedwa. Madozi 192,000 ochokera ku France atafika kumapeto kwa Julayi, mizere inali yaitali kuyambira m'mamawa ndipo sanachedwe kutha. Johnson & Johnson wochokera ku America anabwera pambuyo pake.

Funso la aliyense linali lakuti, deti yanga yadutsa, kodi woyamba uja wafera m'thupi, ndiyambirenso? Yankho lake ndi lakuti ayi. Thupi limasunga chikumbukiro cha dozi yoyamba, ndipo yachiwiri ikachedwa imagwirabe ntchito. Pa AstraZeneca kutalikitsako kunkathandiza kuposa kufupikitsa. Yankho losavutali silinafike kwa anthu ambiri. Ena analeka poganiza kuti zaonongeka kale, ena anakabayitsa mtundu wina osaonetsa kadi yoyamba, n'kusokoneza mawerengero. Pamene katemera anadzachuluka chakumapeto kwa chaka, funde la Delta linali litadutsa, mantha atazirala, ndipo anthu anali atabwerera ku za feteleza ndi fizi.

Zimene thupi limachita, ndi zimene anthu ankamva

Katemera wa AstraZeneca ndi wa Johnson & Johnson amagwiritsa ntchito kachilombo kena ka chimfine kofooketsedwa kuti sikangaswane, konyamula malangizo opangira kachidutswa kamodzi ka kunja kwa kachilombo ka Covid. Thupi limapanga kachidutswako kwa masiku ochepa, asilikali a m'thupi n'kukaphunzira. Kachilombo ka Covid kenikeniko mulibemo, choncho katemera sangadwalitse munthu Covid. Chitetezo chimayamba kukhwima pakatha pafupifupi milungu iwiri, ndipo amene anatenga matenda masiku oyandikana ndi tsiku lobayitsa ankadwala ndithu, n'kumati wandidwalitsa ndi katemera.

Kuwawa kwa mkono, mutu, kuphwanya kwa thupi, kuzizidwa ndi kutentha thupi usiku woyamba zinkachitikira anthu ambiri, makamaka achinyamata pa dozi yoyamba ya AstraZeneca. Zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo panado ndi madzi akumwa zimakwanira. Wobaya akanena zimenezi singano isanalowe, munthu akanjenjemera usiku amati ndi zija anandiuza. Akangomva kuti "palibe vuto lililonse", m'mawa mwake mudzi wonse umadziwa kuti katemera watsala pang'ono kumupha. Kutentha thupi kukapitirira masiku awiri, kwathu kuno choyamba n'kukayezetsa malungo.

Zoopsa zenizeni zilipo, ndipo kuzibisa kunali kulakwa. Anthu ochepa kwambiri, owerengeka pa miliyoni, thupi lawo limadana ndi katemera nthawi yomweyo: kubanika, kutupa milomo, kukomoka. N'chifukwa chake munthu amakhazikidwa pabenchi mphindi 15, kapena 30 ngati anakhalapo ndi vuto lotere, ndipo pamalo obayira payenera kukhala jakisoni wa adrenaline. Kuundana kwa magazi kumene kunaimitsa AstraZeneca ku Ulaya kunatsimikizidwa mu Epulo 2021 kuti kumachitikadi, koma mwa apo ndi apo kwambiri, pakati pa masiku 4 ndi pafupifupi mwezi chibayitsireni. Zizindikiro zake ndi mutu waukulu wosamva mankhwala, kusaona bwino, kupweteka kwambiri m'mimba, kutupa mwendo, kubanika, kapena timadontho ta magazi pakhungu; woona zimenezi athamangire kuchipatala ndi kunena tsiku limene anabayitsa. Covid yeniyeniyo imaundanitsa magazi kawirikawiri kuposa pamenepa. Mayiko a ku Ulaya anatha kusankha chifukwa anali ndi mitundu ina m'mafuriji. Kuno fodya wako anali wa pamphuno yekhayo, ndipo kwa munthu wa zaka 60 wodwala shuga kudikira kunali koopsa kuposa kubayitsa.

Nkhani ya "anabayitsa Lolemba, Loweruka tinaika maliro" imafuna kuimvetsa bwino. Oyamba kuitanidwa, pambali pa a zaumoyo, aphunzitsi, apolisi ndi asilikali, anali okalamba ndi odwala shuga, mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Pa gulu lotere, sabata iliyonse ena amamwalira kapena kufa ziwalo ngakhale kulibe katemera. Njira yodziwira ngati katemera ali ndi mlandu ndi kulemba imfa kapena matenda alionse otere pa fomu, kuwafufuza, ndi kuona ngati akuchuluka kuposa masiku onse. Ntchito imeneyi ndi ya unduna pamodzi ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA. Koma banja likapanda kumva zotsatira za kafukufukuyo, pamaliro pamalankhulidwa zimene anthu aona ndi maso awo.

Mantha a kusabereka ndi amene anagwira mizu kwambiri, ndipo n'zomveka m'dziko limene mkazi wopanda mwana amatha kutha banja. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri sanapeze kuti katemerayu amachepetsa kubereka kwa mkazi kapena mphamvu za mwamuna. Chimene anapeza n'chakuti amayi ena msambo unkasuntha pang'ono, mwina ndi tsiku limodzi, n'kubwerera m'malo mwake mwezi wotsatira. Amayi amene ananena zimenezi poyamba anauzidwa kuti n'zam'mutu, ndipo kuwatsutsa pa chinthu chimene anachiona okha kunawapangitsa kukayikira zina zonse. Amayi oyembekezera nawo poyamba ankabwezedwa chifukwa umboni unali usanakwane, kenako n'kuyamba kuitanidwa zitadziwika kuti Covid imawavuta kwambiri. Kusinthako kunali koyenera, koma kopanda kufotokoza kunaoneka ngati kusadziwa chochita. Omwa ma ARV ankaopa kuti mankhwala awiriwa alimbana m'thupi, pamene salimbana, ndipo iwo anali m'gulu lofunika kutetezedwa msanga.

Za 666, za maginito omata pamkono, ndi za kufa pakatha zaka ziwiri zinkayenda pa WhatsApp, zambiri zochokera kunja n'kumasuliridwa m'mawu ojambulidwa. Zaka ziwirizo zinadutsa kalekale. Koma funso lakuti "bwanji wa Edzi sanapezeke zaka zonsezi, uyu wapezeka chaka chimodzi?" linali lanzeru ndipo linkafuna yankho. Kachilombo ka HIV kamasinthasintha kwambiri ndipo kamabisala m'asilikali a thupi momwemo. Achibale a kachilombo ka Covid, a SARS ndi MERS, akatswiri anali atawaphunzira kwa zaka zambiri, ndipo a ku yunivesite ya Oxford anali atayesa kale njira yomweyi pa MERS. Ndalama zinatsanulidwa zambiri, magawo a kafukufuku anayendera limodzi, ndipo odwala oyeserapo sankasowa. Ponena za kuyesera pa ife, dziko la Britain linayamba kubaya anthu ake AstraZeneca pa 4 Januwale 2021, ndipo pofika Malichi mamiliyoni a kumeneko anali atalandira.

Panalinso lonjezo lopitirira muyeso. Uthenga wina unkamveka ngati wobayitsa sadzadwalanso. Mtundu wina wa Covid wotchedwa Omicron utafika kumapeto kwa 2021, obayitsa ambiri anadwala chimfine chake, anzawo n'kumawaseka. Ntchito yaikulu ya katemerayu inali kuchepetsa kudwala kwa kayakaya, kugonekedwa pa okosijeni ndi imfa, ndipo imeneyo anaigwira.

Katemera atapita kwa anthu

Mu Disembala 2021 boma linalengeza zokakamiza ogwira ntchito zina za boma kubayitsa, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission linatsutsa. Kwa munthu wokayika kale, kukakamiza kunangotsimikiza kuti pali chobisika. Chimene chinakweza chiwerengero chinali china: magalimoto a Vaccine Express oyenda ndi zokuzira mawu m'misika ndi m'midzi, kenako alangizi a zaumoyo oyenda khomo ndi khomo ndi kabokosi kawo. Pamene mfumu yayamba yaitana anthu ake n'kupinda malaya pamaso pawo, pamene abusa kapena shehe abayitsa pabwalo la tchalitchi kapena mzikiti, kabotolo ka anthu 10 sikankachedwa kutha. Wobaya akakhala yemwe uja amayeza ana kusikelo, anthu ankamufunsa molunjika kuti "inuyo munabayitsa?", ndipo kadi yake ya m'thumba inkayankha bwino kuposa chikwangwani chilichonse. Anthu amene ankawerengedwa ngati okana ankabayitsa katemera akawapeza pakhomo, popanda kulipira kabaza.

Njira imeneyi ndi yodula. Imafuna mafuta a galimoto, zigubu zoundana tsiku lililonse ndi ndalama ya chakudya ya oyenda, ndipo inayamba mochedwa, pamene alangizi omwewo anali atayamba kukokedwa mbali zina. Mu Febuluwale 2022 ku Lilongwe kunapezeka mwana wodwala poliyo, woyamba m'zaka 30, ndipo panayambika katemera wa khomo ndi khomo wa ana. Mu Malichi kolera inabuka ku Machinga n'kufalikira dziko lonse, kupha anthu oposa 1,700, kenako namondwe Freddy anagwetsa midzi mu Malichi 2023. Oyenda ndi madontho a poliyo ndi a kolera ankakumana ndi makolo ena obisa ana m'nyumba, akufunsa ngati si wa Covid amene wasinthidwa dzina, ndipo ankayamba aonetsa kabotolo, kuwerenga dzina lake mokweza ndi kufotokoza kuti awa ndi madontho a m'kamwa omwe aja a kusikelo. Pamene bungwe la WHO linalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid sikuonedwanso ngati ngozi ya dziko lonse lapansi, imfa zolembedwa m'kaundula wa Malawi zinali zoposa 2,600, ndipo obayitsa mokwanira anali asanafike pa anthu 60 mwa 100 alionse amene boma linkafuna poyamba.